Mukamuonetse Makutu Rafaelo

Chirimba, Blantyre
Lamulungu, 16 Juni

Okondedwa achemwali anga a Filomena,

Ndayamba ndi kukupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Kodi muli bwanji kumeneko ku Lobi, inu ndi alamu ndi ana onse? Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kutsikira kudimba? Paja mwezi uno ndiye woipa kwa iwo, chisanu chikamatsika m'mapiri mpaka zala kukanika kugwira khasu. Muziwaumiriza kuvala juzi ija ndidawasiyira, asamaisunge m'sutikesi kudikira tsiku la Misa yaikulu. Ine kuno ndilipo. Sindikudwala ayi, musade nkhawa, kungoti kutopa kwandilowa mpaka m'mafupa.

Mudabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Nkhani ndili nayoyi si yokamba mutaima pachulu paja posaka netiweki, mawu akudukaduka, amayi ali pambali kufunsa kuti akuti chiyani. Ndapempha a Clement, aja amabweretsa kachewere kuno pa lole, kuti akupatsireni m'manja mwanu. Muyambe mwaiwerenga muli nokha.

Ntchito ikadali yomwe ija ya ku sukulu ya mkaka. Tsiku lina mudandifunsa moseka kuti timawaphunzitsa chiyani ana oti ngakhale kukhala pansi sanayambe. Kunena zoona, chipinda changa ndi cha makanda. Ndili nawo khumi ndi mmodzi. Wamng'ono kwambiri ali ndi miyezi inayi, wamkulu zaka ziwiri ndi theka. Tidali awiri ndi mnzanga Sibongile, koma iye adasiya mwezi watha, adatsatira mwamuna wake ku Mzuzu, ndipo mpaka lero amadamu eni sukulu sanapeze wina wolowa m'malo mwake.

Ndimanyamuka kuno kukadali mbuu, wapansi, chifukwa makolo oyamba amafika sikisi koloko isanakwane. Kuyambira pamenepo sindikhalanso pansi. Uyu afuna botolo, uyu wadzionongera, uyu wakwera pawindo, uyu walanda mnzake kapu. Mmodzi akayamba kulira onse amalandira, ngati achule a m'dambo mwathu muja mvula ikagwa. Phala ndimawadyetsa awiriawiri, wina ali pamiyendo, wina ndamubereka. Changa chakudya ndimadya choimirira, nthawi zina ndimachipeza madzulo chili chivundikirire. Sabata yatha madzi adasiya masiku atatu, ndiye ganizirani nokha, makanda khumi ndi mmodzi popanda madzi pampopi. Tinkatunga kutsidya kwa msewu ndi zidebe. Msana mpaka lero ukundikumbutsa.

Makolo awo si anthu oipa. Pali mayi wina namwino, amabwera ndi mkaka wa m'mawere atafinyira m'kabotolo. Amandipatsira khanda lake misozi ili m'maso, n'kuthamangira minibasi osacheuka. Ndikamuona ndimati ine ndi iye ndife amodzi, tonse timasiya ana kuti tikapeze chodyetsa ana omwewo. Kusiyana kwake n'koti iye dzuwa likapendeka amabwera kudzatenga wake.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndalembera.

M'chipinda changamo muli kamtsikana kena dzina lake Miracle, ka zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Kokongola, konenepa bwino, koma tonse pasukulu tinkakadziwa kuti n'kamwano. Ukakaitana sikacheuka. Ukakaletsa chinthu kamapitiriza ngati sukulankhula ndi munthu. Mawu kalibe, n'kamodzi komwe sindidakamvepo kakuti mama, kamangokuwa ndi kuloza. Choipitsitsa kankaluma anzake. Kawiri konse ndidaitanidwa ku ofesi chifukwa kholo lapeza mano pamkono pa mwana wake, ndipo wokalipiridwa ndidali ine, ati ndimakhala ndikuyang'ana kuti.

Achemwali, apa ndikuululirani chinthu chimene sindinauze munthu, kupatula abambo mfumu ku kulapa. Tsiku lina mu Epulo, Sibongile atapita kuchipatala, ndidatsala ndekha kuyambira m'mawa. Ndili mkati mosintha thewera la khanda, ndidaona Miracle akukoka nsalu ya patebulo pomwe padali fulasiki ya madzi otentha. Ndidamuitana katatu, kukuwa kwenikweni, iye osatembenuka. Ndidasiya khanda lija pamphasa, kudumpha, kumugwira. Fulasiki siidagwe. Koma mtima udali utakwera, ndipo ndidamukoka khutu mwamphamvu, n'kumufunsa kuti kodi makutu amenewa adamupatsa kuti azikongoletsa mutu. Sadalire msanga. Adangondiyang'ana modabwa, ngati munthu amene wamenyedwa ndi mwala wochokera kosadziwika.

Kumayambiriro kwa Meyi amadamu adaitana mayi wina wophunzitsa alezi za mmera mpoyamba, dzina lawo Mayi Immaculate. Adatisonkhanitsa Loweruka, tsiku lokhalo limene ndimachapa zovala zanga, ndiye ndidapita mtima usakufuna. Ankati nzeru za mwana zimamangika kwambiri m'zaka zitatu zoyamba, ndipo mlezi azilankhula ndi khanda ngakhale pomusintha thewera, azimuimbira, azimutchulira maina a zinthu. Ine mumtima ndinkangoti mayiwa sadasinthepo matewera khumi ndi limodzi m'mawa umodzi. Koma Lolemba lake adabweradi m'chipinda changa, navula nsapato, n'kukhala pamphasa ndi ana mpaka masana. Adandithandizanso kudyetsa phala, ndipo ndidayamba kuwaona mwina.

Nditawadandaulira za mwano wa Miracle, adadzuka pamphasa paja. Adatenga botolo lapulasitiki, kuikamo nyemba zowerengeka, n'kukakhala kumbuyo kwa ana pamene ankasewera. Atalikhutchumula, ana onse adatembenuka, ngakhale kakhanda ka miyezi isanu ndi umodzi kadapotoza khosi. Miracle adapitiriza kusanja zitsekerero zake. Kenaka adatenga chivundikiro cha poto n'kuchigwetsa pa simenti pafupi ndi msana wake. Ana awiri adalira ndi mantha. Miracle osaphethira n'komwe. Mayi aja adandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, “Mwanayu si wamwano. Sakutimva.”

Ndidatuluka kupita kuseri kwa bafa ngati ndikukataya madzi, ndipo ndidaima kumeneko mpaka nkhope itauma.

Amadamu adaitanitsa makolo. Bambo ake adapsa mtima kwambiri, ati kumtundu kwawo kulibe gonthi, ati sukulu ikufuna kubisa ulesi wa alezi ake, ndipo adamuchotsa mwanayo tsiku lomwelo. Mwezi wathunthu sitidamuone. Koma mayi ake adamutenga mwakachetechete kupita naye kuchipatala chachikulu kuno, komwe kuli anthu oyeza makutu ndi makina. Adapeza kuti khutu limodzi latsala pang'ono kuferatu, linalo likumva patalipatali. Adawafunsa ngati mwanayo ankatuluka mafinya m'makutu ali wakhanda, iwo n'kuvomera kuti inde, kangapo, koma ankangopukuta ndi thonje poti sankatentha thupi. Adokotala adawauza kuti akadabwera nthawi imeneyo bwenzi zinthu zili bwinoko, komabe sadachedweretu, poti mwana wa msinkhu umenewu lilime likadali lofewa.

Miracle wabwerera Lachiwiri lapitali. Wavala kachipangizo kakang'ono kuseri kwa khutu kothandiza kumva, ndipo amene anamubweretsa ndi bambo ake omwe aja, atamunyamula paphewa, osayang'ana munthu kumaso. Nthawi ya phala supuni inagunda kapu, mwana uja n'kudzidzimuka, kutembenuka, kuyamba kulira. Tsiku loyamba analira pafupifupi lonse, phokoso la anzake likumuopsa, ndipo kawiri anachizula kachipangizoko n'kukataya pansi. Koma Lachisanu, ndikuimbira makanda kuti agone, anabwera yekha kudzaima pakati pa miyendo yanga, maso ali pakamwa panga. Anakweza dzanja n'kundigwira milomo ndi zala, ngati akufuna kuona komwe nyimboyo ikutulukira. Mwana yemwe ndidamukoka khutu uja. Ndinaimba mpaka kumapeto.

Mwina mwayamba kale kuona komwe ndikupita. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chiyambire tsiku la chivundikiro lija, maganizo anga sachoka pa mwana wanga Rafaelo.

Mwezi wa mawa akwanitsa zaka zitatu, ndipo inu mukudziwa kuti mawu ake sakwana zala za dzanja limodzi. Amayi amati ndi mtundu, achimwene a Kalisto nawo adalankhula ali ndi zaka zinayi. Ndinkavomera chifukwa ndinkafuna kuti zikhale choncho. Koma inu ndinu wamkulu, mudawaona a Kalisto ali mwana. Kodi ankalephera kutembenuka akaitanidwa kudzadya? Ine ndimamva kuti ankachokera kuseri kwa nkhokwe akangomva mbale kulira.

Mukukumbuka nditabwera pa Pasaka? Loweruka Loyera masana tidakhala pakhonde tikusola nyemba, Rafaelo akusewera ndi zitsononkho pabwalo. A Kalisto adaliza njinga yamoto kumbuyo kwake, pafupi ngati apa ndi apo. Nkhuku zidabalalika, galu adathawa, inu mudatukwana. Rafaelo sadadzutse mutu. Ine ndidaona, achemwali. Ndidaona bwinobwino, ndipo ndidadziuza kuti wangoizolowera njingayo. Mawa lake ndidamuitana kuchokera pakhomo la tchalitchi, iye ali chakumbuyo, mpaka anthu adayamba kundiyang'ana. Adatembenuka pokhapokha mwana wanu Gloria atamugwira paphewa. Ndidakwera basi Lolemba ndili nazo mumtima, osauza munthu, poti ndikadanena ndiye kuti zikadakhala zoona.

Ndiponso paja m'dzinja la chaka chatha, ndi la chaka chino lomwe, khutu lake lakumanzere linkatuluka mafinya mpaka kununkha. Amayi adamudonthezera madzi a masamba aja amawadziwa, mafinya n'kuuma, tonse tidati wachira.

Chimene chikundidya kwambiri ndi ichi. Mwezi wa Marichi mudandiuza pafoni kuti alezi a ku mkombaphala kutchalitchi kuja akudandaula kuti Rafaelo samvera ndipo waluma mwana wa eni ake, ati akapitiriza asiye kubwera. Ine ndidali nditangofika kumene kuchokera kuntchito, mapazi atatupa, ndipo ndidakuyankhani kuti mumuthyolere kakamtengo, mumukwapule pang'ono asatichititse manyazi. Mawu amenewo ndawabweza. Ngati mudachita, mlandu si wanu, ndi wanga, ndine ndidalamula. Koma kuyambira lero pasapezeke womumenya chifukwa chosamvera, kaya ndi inu, kaya alamu, kaya alezi. Mayi Immaculate adatiuza kuti mwana wopanda mawu amalankhula ndi mano, poti alibe njira ina yonenera kuti chidolechi ndi changa. Alezi a kwathuwo sindikuwada. Amagwira ntchito yongodzipereka, ana makumi anayi m'kachipinda kamodzi, ndipo ine amene ndili ndi khumi ndi mmodzi yekha ndidalephera kuona.

Ndinapita kwa amadamu Lachitatu kukapempha masiku anayi kuti ndibwere ndidzamutengere ndekha kuchipatala. Anandimvetsera mpaka kumaliza, koma anati sizingatheke pakadali pano, poti chipinda cha makanda sichingatsale chopanda munthu ndipo wina sanapezeke. Anati ndidikire sukulu itseke kumapeto kwa Julaye. Sindinakangane nawo. Mphamvu zokanganira ndinalibe, komanso ndikudziwa kuti ndikachoka mwa ine ndekha ndidzapeza malo anga atapatsa wina.

N'chifukwa chake ndikugwadirani inu. Pempho langa ndi limodzi lokha: mumutenge Rafaelo mupite naye kuchipatala cha ku Boma akamuone makutu, sabata ino kapena ya mawa, musadikire ine. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yothirira kudimba ndipo tsiku limodzi ndi lalikulu kwa inu. Ndikudziwanso kuti mwandilerera kale mwanayu zaka ziwiri pamodzi ndi amayi, pamwamba pa anu anayi, osandiwerengera. Manyazi ndili nawo, koma ndilibe wina. Bambo ake musavutike n'kuwafunafuna. Chiwolokereni ku Mozambiki sanafunsepo ngakhale kuti mwana wamera mano angati.

A Kalisto akhoza kukuperekezani pa njinga mpaka pa Chimbiya, pamenepo mukwere minibasi. Mumuveke chipewa ndi masokosi, mphepo ya pamsewu uja mukuidziwa. Ndalama ya ulendo ndaika mu envelopu momuno. Musaiwale buku lake la kusikelo, lili m'chikwama cha amayi chomwe amasungiramo makadi a ubatizo. Mukafika musakangonena kuti mwana sakulankhula, angakuuzeni kuti mudikire akule. Mukanene zonse: kuti khutu latuluka mafinya madzinja awiri, kuti satembenuka akaitanidwa chakumbuyo, kuti njinga yamoto idalira pamsana pake iye osadzidzimuka. Mukapemphe kuti amuone amene amaona za makutu. Akakakuuzani kuti apite ku Lilongwe kapena kuno kukayezedwa ndi makina, mukatenge kalatayo muisunge bwino, zotsalazo ndidzachita ndine. Ndipo chilichonse akanene, mundiuze monga momwe chilili. Musandichepetsere pondimvera chisoni.

Amayi muwauze mosamala. Musatchule za masamba aja, angaganize kuti tikuwaloza chala. Munthu amene wakwera naye mapiri mwanayu ali kumsana, mawondo akuwawa, kupita naye kumunda ndi kumaliro ndi kumphakati, sayenera kumva ngati adamulakwira. Adachita chimene ankadziwa, ndipo adachita ndi chikondi. Mungowauza kuti kuntchito kwanga atiphunzitsa kuti mwana aliyense asanakwanitse zaka zitatu azionedwa makutu, ndiye Jestina waumirira. Akandinena kuti za m'tauni zandilowa m'mutu, alekeni anene.

Pali china chimene ndikuuzani inu nokha. Amadamu atandikaniza tchuthi, ndili pakhomo kutuluka, anandiitananso. Anati ngati kuchipatala akapeze kuti Rafaelo ali ndi vuto ngati la Miracle, ndidzabwere naye sukulu ikamadzatsegulira, azidzakhala nane m'chipinda changa masana, kuti akhale pafupi ndi chipatala chachikulu komanso azidzamva anthu akumulankhula tsiku lonse. Ndinathokoza, koma chimwemwe sichinabwere. Ndinaganiza za kachipinda kanga kano, kopanda ngakhale bwalo loti mwana athamangepo. Ndinaganiza zoyenda naye kumsana m'mawa uliwonse mtunda wonse uja, kenaka n'kukhala ndi ana khumi ndi awiri m'malo mwa khumi ndi mmodzi. Koposa zonse ndinaganiza za amayi. Chimwalirireni abambo, amene amawadzutsa m'mawa ndi Rafaelo, amene amagona kumsana kwawo ndi Rafaelo. Kuwalanda mwanayu kudzakhala ngati kuwagwetsera denga. Komabe zikadzafika pamenepo ndidzamutenga, poti sindingamusiye akule m'chete pomwe njira ilipo. Izi musawauze. Ndidzanena ndekha ndikabwera, nditagwada pamaso pawo, ndipo akadzakwiya adzakwiyire ine.

Mwina ndikungodzivutitsa. Mwina adokotala akaseka, akapeza kuti ndi phula chabe latseka, akalichotsa, mwana n'kuyamba kutisokosera mpaka tidzatope naye. Ndikupempha Amayi Maria kuti zikhale choncho. Koma ndaona ndi maso anga chimene kudikira kumachita, ndipo ndadikira kale kuyambira pa Pasaka.

Dzanja latopa, ndipo zovala za mawa sindinasite. Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mawondo ndawapatsira a Clement pamodzi ndi kalatayi. Moni kwa alamu a Gervazio, ndikuthokoza pokonza denga la khitchini ya amayi mvula isanathe. Moni kwa achimwene a Kalisto ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Chimbiya ngati mukawaone podutsa, kwa amalume ndi onse a kumphakati wathu. Gloria ndi ang'ono ake muwauze kuti amayi awo aang'ono akuwakumbuka, ndipo Gloria alimbikire sukulu.

Moni wa Rafaelo musamupatse ali chakumbuyo kapena muli patali. Mupite kutsogolo kwake, mugwade kuti maso anu alingane ndi ake, ndiye mumuuze pang'onopang'ono kuti amayi ake akubwera. Akapanda kumva, mungomunyamula, mumufungatire kwa kanthawi m'malo mwanga. Zimenezo sizisowa makutu.

Ambuye akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Jestina